Munda Sukula, Koma Ana Akuchuluka

Mawu amene Mlembi wa Chigwirizano cha Amayi analankhula pa tsiku la chikondwerero

 

Komiti inatipempha kuti pa tsiku lino lokumbukira kubadwa kwa Chigwirizano chathu tilankhule za ulimi. Kapena ena afunsa mumtima kuti, kodi za khasu zalowa bwanji pa tsiku la nyimbo ndi mapemphero? Yankho lake tonse tikulidziwa. Ndife amene timayendera odwala, ndife timaphika pamaliro, ndife timasenza ufa kupita nawo kwa amasiye ndi okalamba. Ndipo mwezi wa Febuluwale ukafika, lichero la zopereka limabwera lopepuka, pakuti mayi sangapereke chimene alibe m'nyumba mwake. Tsono zimene tinene pano ndi zimene tamva kwa alangizi a zaulimi, ndi zimene tayesa ndi manja athu m'munda wa Chigwirizano ndi m'minda yathu.

Tiyambe ndi chiwerengero cha anthu. Pa kalembera wa chaka cha 1966, Amalawi tonse tinalipo 4 miliyoni ndi pang'ono chabe. Mu 1987 tinatsala pang'ono kukwana 8 miliyoni. Mu 2008 tinapitirira 13 miliyoni, ndipo kalembera wa 2018 anatipeza tili oposa 17 miliyoni ndi theka. Ndiye kuti pamene panali pakamwa pamodzi mu 1966, pofika 2018 panali pakamwa panayi. Sitikudandaula za ana, ayi, ana ndi mphatso ya Mulungu. Koma dziko la Malawi silinakule ngakhale ndi mzere umodzi.

Mamiliyoniwa ndi ovuta kuwaona ndi maso, choncho tiyeni tione pamudzi pathu. Tiyerekeze agogo anali ndi munda wa maekala asanu ndi atatu, nabereka ana aakazi anayi. Monga mwa mwambo wathu, ana aakaziwo anakwatiwa pamudzi pomwepo, akamwini nabwera, munda nugawidwa panayi. Aliyense maekala awiri. Tsono nawonso ali ndi ana aakazi amene ayamba kale kutha msinkhu. Adzalima pati? Kudambo kunalimidwa kale, m'phiri anthu anakwera kale, ngakhale m'mbali mwa manda khasu lafikamo. Mafumu athu ali pano angachitire umboni kuti milandu ya malire a minda siikutha pabwalo, ndipo yambiri ndi ya pachibale, mwana ndi amalume ake, munthu ndi mphwake. Mphanje yoti tikaswe kulibenso. Chotero funso limene lili pamaso pathu ndi ili: kodi kamunda komweka kadyetsa bwanji anthu ochuluka, chaka ndi chaka, osaguga, ndi kutisiyiranso kandalama ka sopo, ka fizi ndi ka chopereka?

Makolo athu anali ndi njira yawo. Munda ukatopa ankausiya ugone tsala zaka zingapo, udzu ndi mitengo zimere, masamba awolerane, iwo n'kukalima pena. Ngakhale m'Buku Lopatulika, pa Levitiko 25, Aisraeli analamulidwa kuti chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse nthaka ipumule. Mulungu amene analenga nthaka anadziwa kuti nayonso imatopa. Koma ife lero tikagoneka munda tidya chiyani? Chimene tachita ndi kubzala chimanga pa chimanga, chimanga pa chimanga, zaka makumi angapo pamalo amodzi. Nthaka yayera ngati phulusa, pansi pake pauma gwa, ndipo kaufiti wayala maluwa ake ofiira munda wonse. Alangizi amati kaufiti amakonda nthaka yoguga, ndipo ife taona kuti ndi zoona.

Feteleza anatithandiza, tisaname. Mu 2005 boma la Pulezidenti Bingu wa Mutharika linayamba makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo ambiri a ife tinaona nkhokwe zikudzaza. Koma feteleza amachokera kunja, ndipo mtengo wake suli m'manja mwathu. Nkhondo itabuka pakati pa Russia ndi Ukraine mu 2022, mtengo unakwera ife tili phee kuno kumudzi. Mu Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, thumba n'kukweranso. Ndipo si onse amene dzina lawo limatuluka pa mndandanda wa zipangizo zotsika mtengo. China n'chakuti feteleza amadyetsa chimanga cha chaka chomwecho basi. Ali ngati phala limene tapatsa mlendo wodutsa. Mwini nyumba, amene ndi nthaka, amagonabe ndi njala. M'nthaka yopanda manyowa, ngakhale muthire wokulitsa ndi wobereketsa yemwe, zokolola sizifanana ndi ndalama imene mwalowetsa.

Apa ndi pamene tikufuna tikhalitsepo, pakuti mankhwala ake ali m'manja mwa ife amayi. Pali mbewu zimene kuyambira kale anthu amati ndi za amayi: mtedza, nyemba, khobwe, nzama, nandolo, ndipo masiku ano soya. Abambo athu ankaziyang'ana ngati za ndiwo chabe, maso awo ali pa fodya ndi chimanga. Koma mukazula mtedza kapena soya uli wauwisi, muyang'ane ku mizu. Mudzaona timibulu ting'onoting'ono tomata pamizupo. Ena amayesa ndi matenda. Si matenda ayi. Mukatswanya kamodzi ndi chikhadabo n'kupeza m'kati mofiirira, dziwani kuti ntchito ikugwirika. M'timibulumo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timatenga chakudya cha mbewu kuchokera mumpweya, chomwe chija timagula m'thumba la Urea. Mulungu anaika kale fakitale ya feteleza pansi pa mtedza wathu, yosafuna kuponi. Ndiye kuti mbewu za mtundu wa nyembazi ndizo tsala lathu la masiku ano. Munda ukupumula ku chimanga, koma ukutidyetsabe.

Anzathu a kumpoto anatitsogolera pa zimenezi. Ku Ekwendeni, m'boma la Mzimba, kuli chipatala cha Sinodi ya Livingstonia. Ogwira ntchito kumeneko ankaona ana operewera zakudya m'thupi akugonekedwa, kuchira, kupita kwawo, kenaka n'kubweranso ali chimodzimodzi. Anazindikira kuti matendawo akuchokera kumunda. Tsono m'chaka cha 2000, pamodzi ndi anthu ofufuza ochokera ku Canada, anayamba ntchito ndi alimi a m'midzi yozungulira yoyesa mbewu za mtundu wa nyemba. Njira ina imene alimi anaikonda ndi yobzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kubzalamo chimanga. Ankachitanso masiku ophunzitsana kaphikidwe, kumene ankaitana abambo ndi agogo aakazi omwe, podziwa kuti mayi wa mwana salamula yekha za mphika. Patapita zaka, ofufuzawo atayeza ana pasikelo anapeza kuti ana a m'midzi imene inagwira ntchitoyi nthawi yaitali akukula bwino kuposa kale. Ntchito imeneyi inayambira pa chipatala cha mpingo, ndipo ife sitiona chifukwa chakuti Chigwirizano chiione ngati ya eni ake.

Kodi mbewu ziwirizi zimagwirizana bwanji? Nandolo ndi wodekha. Miyezi yoyamba amakula pang'onopang'ono, mizu yake ikulowa pansi, choncho salimbana ndi mtedza. Timabzala mtedza pamzere monga mwa nthawi zonse, ndipo nandolo timamuika pa mizere yomweyo, mapando otalikirana masentimita 90. Mtedza tikakumba mu Epulo kapena Meyi, munda umatsala wa nandolo yekha, ndiye amatambasuka. Mizu yake imaboola dothi louma lija limene khasu lathu silifikapo. Masamba ake amayoyoka n'kuphimba nthaka. Chilimwe chili pakati, ndiwo zikusowa, ife tikuthyola nandolo wamuwisi. Kenaka wouma wosunga ndi wogulitsa. Ndipo mitengo yake ndi nkhuni, moti ulendo wa kuphiri umachepa. Munda umodzi, chaka chimodzi, zokolola ziwiri. Chaka chotsatira chimanga chimamera chobiriwira pamenepo, ndipo ngakhale feteleza wochepa amene tapeza amaoneka ntchito yake. Sitikunena kuti feteleza tamutaya ayi. Tikunena kuti theka la thumba m'nthaka yodya bwino limaposa thumba lathunthu m'nthaka yanjala.

Wina anena kuti, munda wanga ndi waung'ono, ndikachotsapo gawo la mtedza chimanga chichepa. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Koma yesani ndi ndime imodzi yokha, imene kaufiti wakulandani kale, pakuti pamenepo palibe chimene mukutaya. Chaka chamawa musunthire pa ndime ina. Ndiko kasinthasintha amene alangizi akhala akutiuza.

Koma pali vuto limodzi, ndipo tikuthokoza kuti mafumu athu muli pano. Kuno kwathu chimanga chikangochoka m'munda, mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa. Nandolo amakhala akadali m'munda, maluwa ali mbuu, ndipo mbuzi zimamudya mpaka tsinde. Kummwera, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Zomba, kumene nandolo analimidwa kuyambira kale, anthu anazolowera kusamala ziweto zawo. Ife tikupempha mwaulemu, a Gulupu ndi mafumu, kuti mukhale pansi ndi eni ziweto, papezeke lamulo la m'mudzi. Mbuzizo ndi zathu zomwe, sitikudana nazo. Zikagona m'khola la m'mwamba, zitosi zake ndi manyowa. Ndipo lamulo lomwelo likhudzenso moto. Anyamata osaka mbewa amatentha munda wathunthu chifukwa cha timbewa tosadzaza ndi mbale yomwe. Anyamatawo si alendo, ndi ana athu, ndipo ndife timawaphikira mbewazo. Mapesi ndi zotsalira za mtedza ndi chakudya cha nthaka. Tizikwirire m'mizere kapena tiphimbire pamwamba monga amachitira a ulimi wa mtayakhasu.

Za manyowa sitichulukitsa mawu, pakuti chimato ndi manyowa a m'dzenje ambiri timadziwa kupanga, ulesi wokha ndi umene umatigwira mwezi wa Juni. Koma titchuleko manyowa a Mbeya, amene amayi ambiri ayamba kufunsa. Pa thumba limodzi timaikamo makilogalamu 10 okha a feteleza wa m'sitolo, ndipo zotsalazo ndi ndowe zouma zosefa bwino, gaga ndi phulusa. Timawaza madzi pang'ono, kusakaniza, n'kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati kuti mpweya usalowe. Pakatha masiku 21 timamasula ndi kuyanika pamthunzi. Thumba limodzi logula limabala matumba asanu. Tisanamizane kuti asanuwo ali ndi mphamvu yofanana ndi asanu a m'sitolo. Koma kwa mayi amene wakwanitsa thumba limodzi lokha, munda wonse umalawako, ndipo nthaka imatsala ndi kanthu.

Mitengo nayo ilipo yodyetsa nthaka. Msangu tonse timaudziwa. Mtengo umenewu uli ndi khalidwe lake lake: mitengo ina ikamaphuka ndi mvula, iwo umayoyola masamba, choncho suphimba chimanga, ndipo chimanga cha pansi pa msangu chimaoneka chokha ndi kubiriwira. Msangu umachedwa kukula. Amene aubzala lero akubzalira adzukulu, ndipo ndi adzukulu omwewo amene tikuwanena pano. Wofuna zamsanga abzale gilisidiya, amene akatswiri anayamba kumuyesa pamodzi ndi chimanga ku Makoka, m'boma la Zomba, mu 1992. Ameneyu timamudulira nthawi ndi nthawi, masamba n'kukwirira m'mizere.

Tsono mvula. Akuluakulu ali pano amakumbukira zimene makolo ankasimba za njala ya 1949, ndipo ya 2002 ambiri tinaiona ndi maso, anthu akudya zitsa za nthochi ndi gaga. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola minda ndi midzi kummwera. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, moti mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chaka china madzi ochuluka, chaka china dzuwa. Mvula sitingailamule, koma dontho limene lagwa m'munda mwathu tingaligwire. Mizere idule chitunda, isatsetsereke ndi madzi. Tiike ngonyeka pakati pa mizere, tibzale udzu wa vetiva pa akalozera. Nthaka ya manyowa ndi yophimbidwa imasunga chinyontho masiku ambiri. Pa ng'amba ya 2024 ife tinaona ndime yophimbidwa ya m'munda wa Chigwirizano ili chiimire pamene ina inali itapota masamba. Ndipo tisaike moyo wathu wonse pa chimanga chokha. Chibwerere ntchemberezandonda cha m'ma 2017, chimanga chili ndi mdani chaka chilichonse. Mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere ndi Zondeni, ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi matupi a ana, ndipo kholowa wake ndi ndiwo. Chinangwa, mapira ndi mawere zimapirira dzuwa. Mwana amene wadya mbatata ndi chiponde wadya. Tileke kunena kuti wagona ndi njala chifukwa sanaone nsima.

Tibwere ku phindu, pakuti ulimi wosapindula ana athu saufuna, ndipo n'chifukwa chake akuthamangira m'tauni ndi ku Joni. Ambiri a ife tikagulitsa matumba timati tapeza ndalama zakuti. Koma kodi tachotsapo za mbewu, za feteleza, za aganyu, za matumba, za ngolo? Phindu ndi chimene chatsala zonsezi zitachoka. Kope la masamba ochepa ndi pensulo ndi zokwanira, ndipo amene maso anayamba kuvuta, mwana wa sukulu alembe. Mukalemba chaka chimodzi chokha mudzadabwa kuona kuti mbewu ina imene timaitama imangobweza zimene inadya, pamene kandime ka mtedza kapena soya, kosathira feteleza wambiri, ndiko kakugula malata.

Chimene chimatipha kwambiri ndi kugulitsa msanga. Mwezi wa Epulo ndi Meyi ogula amafika ndi masikelo awo pakhomo penipeni, ena a masikelo okayikitsa, mtengo uli pansi chifukwa aliyense ali ndi chimanga. Timagulitsa. Mwezi wa Januwale tikukagula chimanga chomwecho pa mtengo wowawa, ndalama tilibe, ndiye timapita kukagwira ganyu m'munda mwa ena, wathu uli m'tchire nthawi yopalira ndi yobandira. Zokolola zimachepa, chaka chamawa n'chimodzimodzi. Ena amafika potenga katapila. Yosefe ku Igupto, pa Genesis 41, anasunga gawo limodzi mwa magawo asanu pa zaka za dzinthu zambiri, ndipo dziko linapulumuka. Ife tiyambe tapatula chakudya cha banja cha chaka chonse, ndi mbewu, kenaka tione chogulitsa. Pa zosowa za mwadzidzidzi, banki m'khonde yathu ilipo. Kuli bwino kubwereka kumeneko kusiyana ndi kutsegula nkhokwe mu Meyi. Ndipo pogulitsa tisonkhanitse katundu wathu pamodzi. Mayi mmodzi wa ndowa ziwiri amauzidwa mtengo; amayi makumi atatu a matumba odzaza ngolo amanena mtengo.

Tichenjezane pang'ono za msika wa nandolo. Wambiri amene amagulidwa m'dziko muno amapita ku India. Mu 2017 boma la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dziko lawo, ndipo mtengo kuno unagwa koopsa, alimi ambiri kummwera analira. Mu 2021 maboma awiriwa anagwirizana kuti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Msika wa kutali umatseguka ndi kutsekeka osatifunsa. N'chifukwa chake ife tikuti nandolo timubzale poyamba chifukwa cha nthaka ndi mphika. Mtengo ukakoma, imeneyo ndi mphatso yapamwamba.

Kusunga nakonso ndi ulimi. N'zomvetsa chisoni kulima miyezi isanu n'kudyetsa anankafumbwe. Masiku ano kuli matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki awiri m'kati. Mukamanga bwino, tizilombo timafa ndi kusowa mpweya, osathira mankhwala. Koma chimanga chiyambe chauma. Poyesa, ikani maso a chimanga ochepa m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, mukhutchumule. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Matumbawo akhale pa thandala, kutali ndi makoswe ndi zinthu zobaya. Mfutso nawo tisauiwale: nkhwani, chitambe, khwanya ndi bonongwe, tifutse nthawi ya dzinja zikadali zambiri.

Pa mtedza pali chinthu chimene chimatikhudza ife amayi makamaka, ndicho chuku. Mtedza wosauma bwino, kapena umene tauwaza madzi kuti usavute kuswa, umachita nkhungu imene imasiya poizoni wowononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Poizoniyo satha ndi kukazinga kapena kuphika. Tsono taonani zimene zimachitika m'makomo ambiri: mtedza wabwino umapita kumsika, wonyala ndi wowola ndi umene umasinjidwa kuti ukhale nsinjiro za phala la mwana. Amayi anzathu, zimenezi zithe. Tiumitse mtedza bwino usanathotholedwe, tiswe wouma ngakhale zala zipweteke, ndipo woipa titaye, ngakhale nkhuku tisapatse.

Kwa abambo athu amene mwatiperekeza, tili ndi pempho laling'ono. Mtedza ndi soya zayamba kubweretsa ndalama, ndipo taona m'makomo ena kuti mbewu imene inali ya amayi pamene inali ya ndiwo, yasanduka ya abambo pa tsiku logulitsa. Tinalima awiri, tiwerengenso awiri, kope lili pakati. Sitikulanda umutu wa banja. Tikungokumbutsa kuti amene amadziwa tsiku limene ufa uthere ndi amene amagwira chipande.

Komiti yagwirizana izi. Munda wa Chigwirizano chaka chino tiugawa pawiri: mbali ina mtedza ndi nandolo, mbali ina chimanga cha manyowa a Mbeya, ndipo chaka chamawa tidzasinthanitsa, kuti aliyense adzadzionere yekha. Tikuyambitsanso nkhokwe ya mbewu. Mayi aliyense amene angathe abweretse mbale imodzi ya mtedza, soya, khobwe kapena nandolo wosankha bwino kwa Msungichuma mwezi wa Okutobala usanathe. Wobwereka mbale imodzi adzabweza ziwiri akakolola, koma amayi amasiye ndi amene akulera ana amasiye adzayamba ndiwo kulandira, ndipo adzabweza imodzi yokha. Tapempha alangizi a dera lino kuti adzatisonyeze kapangidwe ka manyowa a Mbeya pa msonkhano wathu wa mwezi wamawa. Mudzabwere ndi phulusa ndi gaga, ndowe tidzapeza kukhola la kumanse. Atsikana athu amene atha msinkhu mudzabwere nawo.